Chaka Chimene Alamu Anatitengera ku Nc'wala

Ndinabadwira ku Kapata, ndinaphunzitsa ana a ku Kapata, ndipo ntchito ndinapumira ku Kapata komweko. Koma ku Mtenguleni, kumene Angoni amachitira Nc'wala chaka ndi chaka, ndinakapondako koyamba imvi zitatuluka kale. Bambo anga anali kalaliki wa ku boma komanso mkulu wa mpingo. Sankanyoza miyambo ya anthu mokweza. Mwambowu utayambiranso patapita zaka zambiri usakuchitika, ine ndili kale mtsikana wamkulu, iwo anangoti, "Za kumeneko si zathu," nkhani n'kuthera pomwepo. Tsiku limene mfumu yaikulu ya Angoni inkadutsa m'tauni popita ku mwambowo, ife tinkamva nthungululu ndi mahutala a galimoto tili m'nyumba, tikusita malaya a ku tchalitchi.

Amene anandidzutsa pamenepo ndi asewele anga. Mwana wanga wamwamuna anakwatira Mtonga wa ku Livingstone, ndipo mayi a mpongozi wangayo anagwira ntchito moyo wawo wonse m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya kwawoko. Tinali titaonana kamodzi kokha, pa ukwati. Tsiku lina mu Januwale anandiimbira foni.

"Asewele, chaka chino ndikubwera ku Nc'wala. Mundiuze tsiku, zovala zake, ndi zoti ndinyamule. Inu ndiye eni dera."

Ndinawayankha kuti asadandaule, ndiwauza zonse mawa. Nditadula foni ndinakhala pansi. Tsiku ndinkalidziwa, Loweruka lomaliza la Febuluwale, poti ndinaliphunzitsa m'kalasi kambirimbiri. Zotsalazo ndinalibe ngakhale chimodzi.

Munthu woti n'kumufunsa analipo, kungoti miyendo inkandilemera. Malemu mlongo wanga anakwatira Mngoni wa m'mudzi wina kuseri kwa Madzimoyo. Kwathu ukwati umenewu sanaukondwere. Mkaziyo anali Mkatolika, sukulu analekeza pang'ono, ndipo mlongo wanga anasiya ntchito ya m'sitolo n'kukalima naye chimanga, nsawawa ndi thonje. Sitinakangane nawo alamuwo. Tinkangowalemekeza patali, ngati mmene umachitira ndi munthu amene sukufuna kuti akuzolowere. Mlongo wanga atamwalira, ine ndinkaoneka kumudziko pa maliro pokha.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi. Ndinawapeza ali m'munda wa nsawawa, akupalira. Anagwada pamzere pomwepo kundipatsa moni, nanenso ndinagwada, kenaka tinakakhala pamthunzi. Ndinazungulira nkhani ya mvula ndi feteleza mpaka iwo anaseka.

"Alamu, mwayenda ulendo wonsewu kudzandifunsa za mvula?"

Ndinawafotokozera. Ndinkadikira kuti andikumbutse zaka zonse zimene ankatiitana ife n'kumakana, koma sanatchule. Anangopukuta manja pachitenje n'kufunsa kuti mlendoyo ndi wa msinkhu wanji ndipo miyendo yake ili bwanji. Nditawauza kuti bondo limodzi limawavuta, anagwedeza mutu.

"Ndiye tidzanyamule kampando. Muwauze abwere Lachitatu, kuti Lachinayi adzaone mfumu ikudutsa m'tauni. Avale chitenje, cha mtundu uliwonse, bola mawondo asaoneke. Nsapato zikhale za m'munda, chifukwa Febuluwale ndi matope. Ambulera anyamule, koma m'bwalo asamaitambasule, amatsekereza anzawo a kumbuyo. Bola pulasitiki wamkulu wofunda. Madzi akumwa tidzatunge kunyumba."

Ndinatulutsa cholembera n'kumalemba kuseri kwa envelopu.

"Nanga zojambula?" ndinafunsa.

"Ovina ajambule, amakondwa. Koma nkhalamba imene yakhala payokha ayambe aipatsa moni ndi kuipempha. Mfumu ikamadutsa asaime ngati mtengo, achite zimene anzawo akuchita. Ndipo asaloze ndi chala. Zina ndidzawauza ndekha, ndibwera kwanuko Lachitatu."

Anabweradi, atanyamula kampando, thumba la nsawawa za chaka chatha ndi botolo la thobwa. Aka kanali koyamba kugona m'nyumba mwanga. Madzulo tinakalandira asewele pa siteshoni ya mabasi. Anatsika atatopa, koma pakamwa posatopa. Titafika kunyumba anatsegula chikwama n'kutulutsa chimanga chachiwisi chophika chimene anagula panjira, n'kupereka kwa alamu ngati mphatso ya moni.

Ine sindinaone cholakwika chilichonse. Alamu analandira ndi manja awiri, anathokoza, ananunkhiza, n'kuyamikira kuti chimangacho chinali chokhwima bwino. Kenaka anachipereka kwa ine.

"Idyani inu Achewa ndi Atonga. Ine ndidikira Loweruka. Kwathu za m'munda za chaka chino sitilawa mfumu isanalawe."

Asewele anagwira pakamwa. "Mayi ine! Zimenezi ndinaziwerenga, ndipo ndinkazifotokozera alendo. Sindinaganize kuti alipo amene amasungabe."

"Ambiri anasiya," anatero alamu. "Ine ndinazolowera. Musachite manyazi, mphatso yafika. Mukapanda kudya ndiye mundikhumudwitsa."

Tinadya iwo akutiyang'ana, akukazinga nsawawa zawo zakale, ndipo pofika nthawi yogona awiriwo anali akuseka ngati anakulira limodzi.

Lachinayi tinakaima m'mbali mwa msewu waukulu. Alamu anasankha malo okwera pang'ono, pafupi ndi khonde la sitolo, kuti mvula ikabwera tithawirepo. Tauni yonse inali panja. Anjinga anaimika njinga zawo, amayi a pamsika anasiya tomato pabenchi. Kunadutsa malole odzaza amuna ovala zikopa, zishango m'mwamba, akuimba ndi mawu a pansi amene ndinawamva m'chifuwa ndisanawamve m'makutu. Galimoto ya mfumu itayandikira, alamu anatsika pansi n'kuomba m'manja, asewele anatsatira ndi bondo lawo lovutalo, ine ndinatsatira pomaliza. Ndinayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina wa ku mpingo andiona. Panalibe amene anali ndi nthawi yoyang'ana ine.

Lachisanu asewele anapempha kuti tikaone kanyumba kosungiramo zinthu zakale za Angoni ku Feni. Anali atamva za iko ali kwawo. Ine, wa pafupi, ndinali ndisanalowemo. Tinapita m'mawa pa takisi ya mnansi wanga. Mayi amene amalandira alendo kumeneko anatipatsa buku loti tilembemo maina. Ndinalemba langa, asewele analemba lawo, kenaka ndinati ndilembere alamu. Anandigwira dzanja mofatsa.

"Dzina langa ndimalemba ndekha, alamu."

Analemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, ife tikudikira. Ndinayang'ana kukhoma.

M'katimo awiriwo ankaona zinthu zosiyana. Asewele ankayang'ana mmene zinthu zaikidwira, ngati dzuwa likuomba pazikopa, ngati chinyezi sichikulowa, ndipo anamuyamikira mayi uja kuti malo ake ndi osamalika. Alamu ankayang'ana zinthu zenizenizo ngati abale awo. Pa mphika wina anatiuza kuti ndi wa mowa, osati wa madzi, ndipo anatisonyeza kukamwa kwake. Pa mikanda anatiuza ya mtsikana ndi ya mayi wa pabanja. Titafika pa chishango anaima nthawi yaitali.

"Atate anga ankapanga zimenezi. Chikopa amachifotsera kaye m'khola kuti chifewe, kenaka amachipunthapuntha. Ng'ombe imodzi siitulutsa zishango zambiri, amasankha mbali yabwino. Ndipo sachigwira chonchi ayi."

Anapempha chilolezo kwa mayi uja, ndipo ataloledwa sanachikhudze n'komwe chishangocho. Anangopinda mkono wamanzere m'mwamba, n'kuwerama pang'ono, n'kuponda pansi kamodzi ndi phazi lamanja. Nyumba inalira. Munthu wa thupi laling'ono ngati iwo, sindinadziwe kumene mphamvu imeneyo inachokera. Kenaka anaimba mzere umodzi wa nyimbo ya Chingoni, mawu amene iwo eni anati tanthauzo lake lonse salidziwa, anangowalandira kwa atate awo.

Asewele anali atatulutsa kabuku. "Zaka zonsezi ndinkapukuta chishango chonga ichi kuntchito," anatero. "Ndinkadziwa kutalika kwake ndi dera limene chinachokera. Lero ndi pamene ndachiona chili m'manja mwa munthu."

Loweruka tinanyamuka kusanache bwino. Alamu ananena kuti wochedwa amatsikira kutali, chifukwa galimoto zimadzaza msewu, ndipo zinalidi choncho. Tinadutsa Madzimoyo dzuwa likutuluka, minda ya chimanga ili biriwiri mbali zonse, ngaiyaye zitatuluka. Anthu anali kale m'njira, ena pa njinga, ena pa ngolo, ena wapansi zikopa zili m'mapulasitiki. Potsika, alamu anayang'ana mapazi anga. Ndinali nditavala nsapato zanga zakuda za ku tchalitchi. Malangizo a nsapato ndinawatumiza kwa asewele, koma ndinkaona ngati ndi a mlendo.

Tisanalowe m'chigulu anatiimika pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi amayi ogulitsa nzimbe, n'kuyamba kutiuza zoti tichite wina akasochera. Nthawi yomweyo mwamuna wina amene ndinamuphunzitsa kalekale anandizindikira n'kubwera kudzandipatsa moni ndi mkazi wake. Ndinacheza nawo, ndikumva mawu a alamu chapatali. Mumtima ndinkati wosochera ndi mlendo, ine ndili kwathu.

Tinalowa. Alamu anali patsogolo kampando kali pamutu, asewele pakati, ine pambuyo. Sankakankha munthu. Ankangoti "zikomo, zikomo, tili ndi mlendo wa kutali," anthu n'kumapatuka. Anatipezera malo pakati pa amayi a m'mudzi mwawo, pamene bwalo linkaoneka bwino. Magulu a ovina ankalowa limodzi pambuyo pa linzake, gulu lililonse ndi mfumu ya kwawo. Ng'oma panalibe. Amuna ankaponda pansi onse pamodzi, zibonga m'mwamba, amayi akuomba m'manja ndi kuimba, ndipo nthaka inkanjenjemera mpaka kampando ka asewele.

Chapakati pa m'mawa ndinafuna kupita kuseri. Alamu anati andiperekeze, ine ndinakana. Pobwerera ndinapeza njira imene ndinadzera yatsekedwa ndi gulu lina la ovina limene linkadikira kulowa. Ndinazungulira, n'kupeza chingwe ndi apolisi. Ndinazunguliranso. Kulikonse kunali misana ya anthu ndi nthenga. Ndinayesa foni, koma pa anthu ochuluka chotero siinkalumikiza. Ndinakumbukira kuti alamu ananenapo za mtengo wa mango, koma mitengo ya mango inalipo yambiri, ndipo nzimbe ankagulitsa paliponse.

Kenaka mvula inagwa. Pulasitiki wanga anali m'chikwama cha alamu. Pothamangira pamthunzi nsapato yakumanzere inatitimira m'matope, ndipo poizula chidendene chinatsalira momwemo. Ndinavula zonse ziwiri n'kuzinyamula m'manja. Ndinaima pamenepo, mphunzitsi wopuma, wopanda nsapato, duku litanyowa, misozi ili pafupi.

Mayi wina wachikulire, wovala mikanda yambiri m'khosi, anandikoka mkono. "Mwaimiranji pamvula nokha? Bwerani kuno." Anandilowetsa pamzere wa amayi a gulu lija lodikira kulowa m'bwalo. Iwo mvula sankaiwerengera, ankayeserera nyimbo yawo. Anandilanda nsapato n'kuziika pansi. "Manja ndi oombera, si onyamulira nsapato."

Ndinayamba kuomba kuti ndisaoneke wamwano. Poyamba ndinkaphonya, mayi uja n'kumandigunda ndi chigongono pa nthawi yoyenera. Pang'onopang'ono manja anagwira okha. Amuna anali patsogolo pathu penipeni, matope akuthovoka pa phazi lililonse. Pakati pawo panali mkulu wina wamtali, wa imvi, chikopa cha nyama ya mawanga paphewa, amene ankatsogolera nyimbo. Atatembenuka ndinasiya kuomba. Anali mkulu wa mpingo wathu, amene amawerenga zolengeza Lamulungu lililonse atavala jekete, amene ali mnyamata ankanyamula Baibulo la bambo anga. Anandiona. Sanaphonye phazi ngakhale limodzi. Anangokweza chibonga pang'ono ngati moni, n'kupitiriza.

Sindidziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva dzanja paphewa.

"Ndimayesa ndikupezani mukulira, kani mukuvina."

Anali alamu, atanyowa thupi lonse. Anali atasiya asewele m'manja mwa amayi a kwawo, n'kupita pa mtengo uja, n'kudikira, osandiona. Ndiye anayamba kufunsa gulu ndi gulu ngati aona mayi wa m'tauni wovala nsapato za ku tchalitchi. Anthu atatu osiyana anawalozera njira. Anathokoza mayi wa mikanda uja mwaulemu wonse, anafunsana za kumudzi, n'kupezeka kuti ali pachibale cha patali. Kenaka anavula mapatapata awo n'kundipatsa.

"Nanga inu?"

"Mapazi anga ndi matope amadziwana."

Chifukwa chondifunafuna, alamu anaphonya nthawi imene mfumu imalawa zakumunda zoyamba, imene iwo amaidikira chaka chonse. Ndinazidziwa pambuyo pake kuchokera kwa asewele, iwo sanandiuze. Tinafika pamalo pathu ng'ombe yakuda itaimikidwa kale m'bwalo. Pamene ankailasa ndi mkondo ine ndinatseka maso, ndinangomva mfuu ya anthu ngati mvula ya matalala padenga la malata. Asewele anaona zonse, mpaka pamene mfumu inalandira magazi, ndipo kabuku kawo kanali katanyowa m'mphepete. Alamu anali atagwada, milomo ikuyenda. Kolona yawo inali m'khosi monga mwa masiku onse.

Potuluka anagula nzimbe imodzi, anaithyola pabondo, n'kutigawira. Anatafuna yawo maso ali otseka.

Pobwerera m'galimoto ndinawapepesa. Anati palibe chopepesa, chaka chamawa mfumu idzalawanso. Ndinati sindikunena za lero lokha. Titadutsa mphambano ya kumudzi kwawo anati, "Mlongo wanu ankavina bwino, mukudziwa? Anaphunzira atakula, koma ankavina bwino. Ankafuna mudzamuone." Asewele, amene anali pakati pathu, anagwira dzanja langa ndi la alamu n'kuwaika pamiyendo pawo, ndipo tinayenda choncho mpaka m'tauni.

Lamulungu alamu anapita ku Misa, ine ndi asewele tinapita ku mpingo wathu. Mkulu uja anawerenga zolengeza atavala jekete yake, akutsimphina pang'ono. Potuluka anandipatsa moni pakhomo monga mwa nthawi zonse, kenaka anatsitsa mawu.

"Aphunzitsi, manja anu amachedwa pang'ono. Koma mukabweranso kawiri adzakhala bwino."

Ndinamufunsa ngati bambo anga ankadziwa kuti iye amavina ku Nc'wala. Anati ankadziwa, ndipo chaka chilichonse Lolemba lake ankamufunsa kuti kunali anthu ochuluka bwanji ndipo ng'ombe inagwa msanga kapena ayi.

Lolemba m'mawa tinaperekeza asewele ku basi. Usiku wathawo anali atawerengera alamu zonse zimene analemba, alamu n'kumakonza apa ndi apo. Anati akakafika kwawo akazilemba bwino pa pepala limodzi, kuti aliyense wa kumeneko wofuna kubwera adziwe tsiku, zovala ndi ulemu wake. Atakhala kale pampando anatsegula zenera.

"Mu Ogasiti ndikubweranso. Ndikufuna ndikaone Kulamba ku Katete. Umenewo ndi mwambo wa Achewa, asewele, ndiye ndi wanu."

Ndinayang'ana alamu. Iwo anakweza manja.

"Kumeneko nanenso ndine mlendo. Yambani kufunsa lero."

Ndinafunsadi. Ku Chipangali kunali msuweni wa bambo anga, mlimi wa nsawawa, amene ndinali ndisanamuone zaka zambiri. Ndinapitako kawiri m'nyengo yokolola, ndinagona komweko, ndipo anandiuza za fumbi la mwezi umenewo, za poima Gule akamadutsa, ndi zimene mlendo sayenera kufunsa. Ogasiti atafika tinapita atatu. Alamu anali atagulitsa thonje lawo, anavala chitenje chatsopano. Tsiku lonse anayenda pambuyo panga. Ndikagwada ankagwada, ndikapatuka ankapatuka, ndipo pamene sanamvetse ankandikoka chitenje n'kundifunsa chapansipansi. Mafunso awiri ndinayankha. Pa funso lachitatu ndinawauza kuti sindikudziwa, ndipo tinakafunsa limodzi kwa mayi wina amene ankagulitsa mbatata yootcha.